M'MERA MPOYAMBA: ZIMENE NDAPHUNZIRA KWA ANTHU A ZANKHALANGO

Chaka ndi chaka, mvula ikakhazikika, dziko lathu lonse limatuluka ndi makasu kukabzala mitengo. Mwambo umenewu udayamba m'chaka cha 1976, pamene Boma lidapatula tsiku la 21 Januwale kuti likhale lobzala mitengo. Pambuyo pake tsikulo lidatalikitsidwa kufikira lidasanduka nyengo yathunthu, yoyambira pa 15 Disembala kulekeza pa 15 Epulo. Ife a mpingo sitidatsalire m'mbuyo. Ana a Sande Sukulu, amai a Chigwirizano, anyamata ndi asungwana, onse amasenza mbande kupita nazo ku munda wa mpingo, ndipo abusa amatsekula ntchitoyo ndi pemphero. Zimenezi n'zokondweretsa ndithu.

Koma pali funso limene landisautsa mumtima kwa zaka zambiri. Mwa mitengo yonse imene tidabzala ndi nyimbo ndi nthungululu, ndi ingati imene yatipatsa mthunzi, phaso la nyumba kapena thabwa la chitseko? Nanga n'chifukwa ninji minda iŵiri yobzalidwa tsiku limodzi, pa mvula imodzi, wina usanduka nkhalango pamene wina utsala tchire la timitengo tonyentchera? Popeza ndakhala ndikuthandiza pa kanazale ka mpingo wathu, funsoli lidandikankhira kukacheza ndi alangizi a zankhalango ndi kuŵerenga zimene ofufuza apeza. Zimene ndatola m'menemo ndafuna ndigaŵane nanu, oŵerenga okondedwa, makolo ndi achinyamata omwe.

MUNDA WA MITENGO NDI MUNDA NDITHU

Aliyense amene adayendapo pa mseu wochokera ku Kasungu kupita ku Mzuzu adaona nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya. Nkhalangoyo idabzalidwa ndi manja a anthu, ndipo idafika mahekitala pafupifupi 53,000, kotero kuti inkaŵerengedwa pamodzi ndi nkhalango zazikulu koposa zobzalidwa ndi anthu mu Afirika muno. Kubzala kwamphamvu kudayamba m'chaka cha 1964, ndi cholinga chakuti mitengoyo idzadyetse fakitale yophika phala lopangira mapepala, imene inkayembekezeka kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo siidamangidwe, ndipo mitengo idayamba kuchekedwa matabwa. Wochuluka kumeneko udali paini wotchedwa Pinus patula, wa masamba olendeŵera ngati ulusi, amene kwao ndi ku mapiri a Mexico. Mtundu womwewo udabzalidwanso pa phiri la Zomba ndi ku Dedza.

Ndili mnyamata ndidadutsa m'nkhalangoyo pa basi. Mitengo idatchinga dzuŵa mbali zonse ziŵiri za mseu, nkhungu ili khathikhathi m'nthambi, ndipo tidayenda nthaŵi yaitali osaona polekezera pake. Nditadutsanso ndili ndi imvi, m'malo ambiri ndidaona zitsa, milu ya utuchi ndi mapiri opserera ndi moto. Pamenepo ndidazindikira kuti nkhalango yobzala ndi munda monga wa chimanga. Imafuna mbeu yabwino, imafuna kupalira, ili ndi adani ake, ndipo wokolola osabwezerapo kanthu adzaimaliza.

Mlimi amayesa zokolola zake ndi ngolo kapena matumba. Nanga wa zankhalango amayesa bwanji? Amapatula timinda toyesera m'kati mwa nkhalango, nalemba nambala pa mtengo uliwonse. Amayesa kunenepa kwa thunthu pa msinkhu wa pachifuwa, ndiye kuti mita 1.3 kuchokera pansi, nayesanso kutalika kwake. Akabwereza zimenezi pakapita zaka zingapo, amatha kuŵerengera kuti hekitala imodzi ikuonjeza matabwa ochuluka bwanji pa chaka. Kuno kwathu ntchito yotere imatsogozedwa ndi bungwe la Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, kumene kulinso nkhokwe ya mbeu za mitengo, ndipo alangizi amaphunzitsidwa ku sukulu ya zankhalango ku Chongoni m'boma la Dedza. Popeza paini wa matabwa amakhwima patapita zaka 25 kapena 30, kaŵirikaŵiri munthu amene akhoma chikhomo choyamba cha kamunda koyesera sakhalapo pa tsiku lodula. Amalemba manambala ake mwaukhondo m'buku, podziŵa kuti adzaŵaŵerenga ndi munthu amene lero akali kukwaŵa. Kukhulupirika kotere ine kumandigwira mtima.

MAFUWA ATATU NDI MCHERE

Chinthu choyamba chimene ofufuzawo adatsimikiza n'chakuti tsogolo la mtengo limayamba kuumbidwa ku nazale. Mbande ili m'chubu ikunga khanda la kumsana: dziko lake lonse ndi kadothi kodzaza manja aŵiri, ndipo chimene mulibe m'kadothiko ilibe kwina kokachitenga.

Zakudya zazikulu za mmera ndi zitatu, ndipo ine ndimaziyerekeza ndi mafuwa. Choyamba ndi nayitrojeni, chimene chimabiriŵiritsa masamba ndi kukuza msinkhu. Chikasoŵa, masamba akale a m'munsi ndiwo amayamba kusanduka achikasu. Chachiŵiri ndi fosifolasi, chothandiza makamaka mizu. Chikasoŵa, mbande imapinimbira ndipo masamba ake amachita kufiirira modera. Chachitatu ndi potaziyamu, chimene chimalimbitsa mmera pa chilala ndi matenda. Chikasoŵa, m'mphepete mwa masamba mumauma ngati mwaŵauka ndi moto. Katswiri wina wa ku Germany, Justus von Liebig, adafalitsa m'zaka za m'ma 1800 chiphunzitso chakuti mmera umakula molingana ndi chakudya chimene chapereŵera koposa, ngakhale zina zonse zitachuluka. Mai aliyense wa kumudzi amachidziŵa chiphunzitso chimenechi: fuwa limodzi likafupika, mphika umapendekeka, ndipo kukweza mafuwa aŵiri enawo kungoonjeza kupendekekako.

Palinso zakudya zofunika pang'ono zedi, monga mchere m'ndiwo. Chimodzi mwa izo ndi boroni. Anansi athu a ku Zambia adavutika ndi bulugamu amene ankakula bwino m'dzinja, koma chilimwe chikafika nsonga zake zinkauma, mtengo n'kuphukira m'mbali, thunthu n'kupotoka. M'chaka cha 1962, dzikolo likutchedwabe Northern Rhodesia, kudafalitsidwa kafukufuku wosonyeza kuti gwero la vutolo lidali kusoŵa kwa boroni m'nthaka. Mankhwala ake adali kachakudya kochepa kothira pafupi ndi tsinde la mtengo uliwonse. Komabe boroni yemweyo akapyola muyeso amapha mtengo, n'chifukwa chake munthu asayese kuthira popanda uphungu wa alangizi.

Kudyetsa mopyoza nakonso kumaononga. Mbande yopatsidwa nayitrojeni wambiri, madzi ambiri ndi mthunzi wa tsiku lonse imathamangira m'mwamba, imakongola masamba, koma tsinde lake limakhala lanthete ndipo mizu yake ndi yochepa. Ndakhala ndikuonerera pa tsiku logaŵa mbande: anthu amalimbirana zazitali zobiriŵira bii, nasiya zazifupi za tsinde lonenepa. Pofika Okotobala zazitali zija zambiri zimakhala zitauma, pamene zonyozeka zija zili chilili. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake osamala nazale odziŵa ntchito yao amasakaniza dothi lapamwamba la m'nkhalango ndi mchenga ndi manyowa oolerana bwino, pakuti ndowe zaziŵisi zimatentha mizu. Amathirira mwa muyeso, popeza madzi akachuluka timbande timaola patsinde n'kugwa. Amanyamula machubu nthaŵi ndi nthaŵi nadula mizu yotulukira kunsi, kuti mbande ichulukitse timizu tating'ono m'kati mwa chubu. Ndipo patatsala milungu ingapo kuti akabzale, amachotsa mthunzi nachepetsa madzi pang'onopang'ono, kuti mbande izoloŵere dzuŵa ndi ludzu ikali m'manja mwa woisamala. Kumeneku ndiko kukhwimitsa mbande. Ikafika masentimita pakati pa 20 ndi 30 yakwana kupita kumunda. Pobzala, chubu chivulidwe, ndipo muzu usapindike m'dzenje, chifukwa muzu wopindika pa tsiku loyamba udzagwetsa mtengo ndi mphepo patapita zaka khumi.

BWENZI LOBISIKA PANSI PA NTHAKA

Chachiŵiri chimene ndidaphunzira chidandidabwitsa koposa. Pamene paini ankayesedwa koyamba m'maiko ambiri a mu Afirika, mbeu zinkamera bwinobwino, koma timbande tinkasanduka tachikasu n'kuima osakula, ngakhale pa nthaka yooneka yachonde. Zinthu zinkasintha pokhapokha atabweretsa dothi lotapa pansi pa paini wamkulu wokula bwino, n'kulisakaniza ndi la m'nazale. Kodi m'dothimo mudali chiyani?

Mudali boŵa. Chimene ife timazula ndi kuphika ndi chipatso chabe. Thupi lenileni la boŵa ndi timaulusi toyera tosaoneka bwino, toyanga m'nthaka. Timaulusi timeneti timakuta nsonga za mizu ya mtengo, ndipo timafika kutali ndiponso m'timing'alu mmene muzu sungaloŵe. Timatapa madzi ndi chakudya, makamaka fosifolasi, n'kupatsira mtengo, ndipo mtengo umabwezera shuga amene masamba ake apanga ndi kuŵala kwa dzuŵa. Ubale umenewu adautcha mycorrhiza katswiri wa zomera Albert Bernhard Frank m'chaka cha 1885, ndipo tanthauzo la dzinalo ndi muzu wa boŵa. Paini adabwera kuno ngati mbeu youma m'thumba, bwenzi lake litatsala kwao, ndipo popanda bwenzilo adagona ndi njala chakudya chili pafupi. Kufikira lero wofesa paini amalangizidwa kuthirako dothi la pansi pa paini wamkulu.

Mitengo yathu ya chilengedwe, monga mombo, tsamba ndi msuku, ili ndi ubale womwewo ndi boŵa wakewake. Apa ndipo ndidamvetsa chimene agogo anga aakazi ankachita osatha kuchifotokoza. Pofuna manyame kapena ndelema sankaloŵa m'munda wa chimanga. Ankalunjika ku msitu wa masuku ndi mombo. Wodula msitu wotere kuti aotche makala amagulitsa ndiwo za m'dzinja za mudzi wonse pamodzi ndi makalawo, ngakhale iye sadziŵa.

KODI MBADWO WACHIŴIRI UDZAFANANA NDI WOYAMBA?

Funso lalikulu koposa m'kafukufuku wa nkhalango zobzala ndi ili: tikadula mitengo yonse n'kubzalanso pa malo omwewo, kodi yachiŵiriyo idzakula monga yoyamba, kapena nthaka idzakhala itaguga?

Mantha adabuka m'chaka cha 1966, pamene kudalengezedwa kuti ku South Australia paini wa mtundu wa Pinus radiata, wobzalidwa kachiŵiri pa nthaka yamchenga, ankakula mopereŵera kwambiri poyerekeza ndi woyamba. Atafufuza adapeza kuti mlandu waukulu udali wa anthu. Akatha kudula, ankatentha nthambi, masamba ndi zinyalala zonse kuti malo ayere, osalabadira kuti chakudya chambiri chimene mtengo udatapa m'nthaka chimakhala m'masamba, m'timphukira ndi m'makungwa, pamene m'thunthu la matabwa muli chochepa. Moto unkauluza nayitrojeni ndi utsi, ndipo udzu unkalanda timitengo madzi ndi chakudya chotsalacho. Ataleka kutentha, nasiya zinyalala kuti ziolere pomwepo, nalimbika kupalira, nathira feteleza pofunika, nasankha mbeu kuchokera ku mitengo yabwino, zokolola zidabwerera mwakale, mwina mpaka kupyola.

Pafupi ndi kwathu kuno, ku nkhalango ya Usutu m'dziko la Eswatini, limene kale linkatchedwa Swaziland, katswiri wina dzina lake Julian Evans adayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kuyesa Pinus patula yemweyu wa ku Chikangawa. Adabwerera ku timinda tomwetomweto kwa zaka zoposa makumi atatu, kuyerekeza mbadwo woyamba wa mitengo ndi wachiŵiri ndi wachitatu. Adapeza kuti pa gawo lalikulu la nkhalangoyo mitengo siidabwerere m'mbuyo. Koma pa kachigawo kena, ka nthaka yochokera ku mtundu wina wa mwala, mbadwo wachiŵiri udafooka, ndipo chidapereŵera chidali fosifolasi. Atathira fosifolasi, kachigawoko kadatsitsimuka.

Phunziro lake ndi lolimbitsa mtima, komanso ndi chenjezo. Nthaka ikhoza kubereka mitengo mibadwo ndi mibadwo ngati mwini wake aiyang'anitsitsa ndi kuibwezera chimene yataya. Tsono taganizani za chizoloŵezi chathu. Chilimwe chilichonse timayatsa tchire posaka mbeŵa, moto n'kuloŵa m'munda wa mitengo. Tikadula bulugamu timakokolola zonse mpaka makungwa, pansi n'kutsala mbee ngati pabwalo. Ndidziŵa kuti amai afuna nkhuni, ndipo palibe angaŵaletse kutola nthambi zazikulu. Koma masamba, makungwa ndi tinthambi tating'ono n'za nthaka; ndiyo mphotho yake. Wozichotsa akudya chakudya cha mitengo ya ana ake.

MAU KWA MAKOLO NDI ACHINYAMATA

Kodi zonsezi zikhudzana bwanji ndi ife Akhristu? Pa Genesis 2:15 tiŵerenga kuti munthu woyamba adapatsidwa ntchito ziŵiri m'munda muja, ya khasu ndi ya ulonda. Ife yoyambayo timaikonda, pakuti ili ndi tsiku lake, alendo ake ndi zithunzi zake. Yachiŵiriyo ndi ya masiku osaŵerengeka, yopanda woombera m'manja: kupalira m'Febuluwale, kulambula mseu wotchinga moto mvula ikangotha, kupirikitsa mbuzi m'Seputembala. Pa Levitiko 25 Mulungu adalamula kuti nthaka ipumule chaka chachisanu ndi chiŵiri chilichonse, kutikumbutsa kuti nthaka nayo imatopa ndiponso kuti mwini wake ndi Iye. Ndipo m'fanizo la mkuyu wosabala, pa Luka 13, wosamala munda sadafulumire kugwira nkhwangwa. Adapempha chaka china kuti agaule patsinde pake ndi kuikapo manyowa. Adayamba wafunsa chimene mtengo ukusoŵa asanauweruze.

Inu makolo anzanga, nyumba zathu ndi nazale. Mwana ali pakhomo dziko lake ndi lochepa ngati la mbande m'chubu, ndipo chimene sitimpatsa ife alibe kwina kokachitenga kwabwino. Alipo makolo amene amadzaza nyumba ndi chakudya, zovala ndi fizi, koma fuwa limodzi n'lalifupi: mwina ndi pemphero la pabanja, mwina ndi nthaŵi yokhala pansi kumvetsera mwana, mwina ndi mau achiyamiko amene ndi ochepa ngati mchere koma akasoŵa nsonga imauma. Kuonjeza ndalama pamenepo sikuongola mphika. Alipo ena amene amasunga mwana mu mthunzi wokhawokha, osampatsa khasu, osamtuma, osamlola kusenza zotsatira za zochita zake. Tsiku limene apita ku sekondale kapena ku tauni, dzuŵa la Okotobala limampeza ali wanthete. Kukhwimitsa kumachitika pang'onopang'ono, mwana akali m'manja mwa omkonda. Ndipo monga paini sakula popanda dothi la pansi pa paini wamkulu, mwana afunika kukhala pafupi ndi agogo, akulu a mpingo ndi aphunzitsi a kalasi, amene amampatsira zinthu zosaoneka ndi maso.

Inu achinyamata, nkhani ya mbadwo wachiŵiri ndi yanu. Makolo athu adalandira Uthenga Wabwino, namanga matchalitchi ndi njerwa zoumba okha, naphunzira kuŵerenga pansi pa mitengo. Funso la ofufuza aja likugogoda pa chitseko cha mpingo: kodi wachiŵiri adzafanana ndi woyamba? Yankho la ku nkhalango n'lakuti akhoza, ngakhale kuposa, malinga zimene mbadwo wakale udagwetsa pansi zisatenthedwe. Malangizo a akulu, nyimbo zimene adatiphunzitsa, chizoloŵezi chosunga tsiku la Ambuye ndi kuchereza alendo, zimaoneka ngati masamba ouma oyenera kusesedwa. M'menemo ndimo muli chonde chanu.

Pomaliza ndipereke pempho limene mpingo uliwonse ungathe kulikwaniritsa popanda ndalama. Chaka chino tisaŵerenge mitengo yathu pa tsiku lobzala lokha. Bungwe la achinyamata ligule kope limodzi, lilembe mtundu wa mbande, kumene zidachokera, tsiku lobzala ndi chiŵerengero chake. M'mwezi wa Okotobala apite akaŵerengenso zamoyo, nafotokoze pamaso pa mpingo. Chaka chamaŵa ayese msinkhu ndi ndodo, nalembe. Pamene mitengo yafa afunse alangizi chifukwa chake, nabwezeremo ina. Pambali pa bulugamu ndi paini abzaleko mbaŵa, mlombwa ndi msangu, ndipo bulugamu amtalikitse ku zitsime ndi ku magwero a mitsinje, pakuti amamwa madzi ambiri. Kopelo lisungidwe pamodzi ndi mabuku a ubatizo, kuti mwana amene abatizidwa chaka chino adzaliŵerenge ali mkulu wa mpingo, pamene azidzadula matabwa a mipando ya m'tchalitchi.

Akulu adati m'mera mpoyamba, ndipo ofufuza ndi zoyesera zao angotsimikiza mau omwewo. Ambuye amene amameretsa atipatse mtima wodekha, kuti tikhale alonda okhulupirika a nthaka ndi a ana amene adatisungitsa.